Mpendero wa Yunifolomu Yanga

Yunifolomu yanga ya Sitandade 5 inali yabuluu, ndipo mpendero wake unali ndi chilema: ulusi unkayenda bwinobwino, kenako n'kulumpha, n'kuyendanso. Anandisokera ndi amalume, telala wa pakhonde la golosale ku Ndirande. Makina awo anali otopa, ankalumpha chonchi pa chilichonse.

Dzinja la chaka chimenecho kunabuka makalata opanda dzina. Munthu ankangopeza kalata pansi pa chitseko, yopanda envulopu, yongopinda n'kusoka m'mbali ndi makina. Koma matelala ku Ndirande ngosawerengeka, ukanaloza uti? Oyambawo ankanena za zibwenzi, mabanja n'kugwedezeka. Kenako ina inapita kwa atcheya a chipani, yoti aphunzitsi athu ananyoza boma m'kalasi. Anadzawatenga tikuimba matebulo a masamu, choko chili m'manja. Pampopi anthu anasiya kucheza, kumangomveka madzi akugwera m'ndowa. Azibambo analumbira kuti wolembayo akadzapezeka sadzafika kupolisi wamoyo.

Tsiku lina mayi woyandikana nafe, amene sankatha kuwerenga, anabwera ndi kalata yake kuti ndimuwerengere. Ine kunyada, kupusa kwangako! Amayi anaitenga kuti adule ulusi ndi lezala, koma dzanja linaima. Anayendetsa chala pamsokowo. Kenako maso awo anatsikira m'mawondo mwanga, pamene yunifolomu inathera.

"Lowa ukavule," anandiuza motsitsa mawu. "Msanga!"

Amayi anamuuza mlendo uja kuti zonyansa sawerengetsa mwana, aisiye kalatayo aitentha okha.

Madzulo amalume anabwera kudzadya monga mwa masiku onse. Amayi sanawapatse madzi osamba m'manja. Anaika kalata ndi yunifolomu patebulo, moyandikana, n'kunditulutsa panja. Ndinangomvako mawu awa: "Achimwene, mphunzitsi uja ali ndi ana atatu." Yankho sindinalimve. Loweruka amalume anakwera basi ya ku Mulanje ndi makina awo, makalata n'kutha. Aphunzitsi sanabwererenso, ndipo chimene anawalakwira amalume sindinachidziwe. Mpaka lero zimandiwawa, ndipo sindidziwa ngati amayi anachita bwino kubisa mlongo wawo.

Lamlungu lake amayi sanapite kutchalitchi. Anakhala chitsekere m'nyumba akumasula mpendero wonse, n'kuusokanso pamanja, mokhotakhota. Ine ndinalira kuti andiwonongera chovala, anzanga akandiseka kusukulu. Sindinkadziwa kuti miyezi yonse ija ndinkayenda pakati pa anthu olusa nditavala umboni woti aphere amalume.