Kamera pakhomo la chikuta

Mwana wanga anabadwa madzi ali m'nyumba. Ku Kanyama, komboni imene timakhala, mvula ikalimbika madzi sachokera kumwamba kokha, amatumphukanso pansi, ndipo chaka chimenecho analowa mpaka kuchipinda. Amuna anga anakweza bedi pa mabuloko. Nditabwerako ku kiliniki ndinakwera pabedipo ndi khanda langa, madzi akuda akuyenda pansi pathu.

Apongozi anga, amayi awo a amuna anga, anachokera ku Chawama kudzandisunga m'chikuta. Iwowo ndi amene anandiwerengera malamulo, ngakhale ndinkawadziwa kale kuchokera kwathu ku Katete. Mwana satuluka panja mchombo usanagwe. Sapatsidwa dzina. Saonetsedwa kwa anthu, chifukwa sudziwa amene wabwera ndi thupi lotentha kapena ndi diso loipa. Ine sindinafune kuuzidwa kawiri. Mwana wanga woyamba anapita asanapatsidwe dzina, ndipo mpaka lero palibe anandiuza chimene chinamutenga. Ndiye uyu wachiwiriyu ndinkangomuyang'ana pachifuwa, chikukwera, chikutsika.

Pabalaza pankagona mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga. Apongozi ankamuitana kuti injiniya kuyambira ali wamng'ono chifukwa ankamasula mawailesi a anthu. Koma atamaliza sekondale masamu anamugwetsa, ndipo koleji ya mainjiniya inamukana. Anakhala pakhomo mpaka anamva kuti koleji ina m'tauni imaphunzitsa kujambula mafilimu ndi ntchito za pa wailesi ya kanema, ndipo siyang'ana kwambiri masamu. Chimene ankafuna n'chakuti aliyense abweretse kafilimu kakafupi ka kumene amakhala, aphunzitsi akaonere, amufunse mafunso, asankhe. Malo anali ochepa.

Nthawi imeneyo kampani imene amuna anga ankagwirako ntchito inali itatseka. Ankadzuka n'kupita kukaima pamsewu kudikira ganyu, unga ukungokwera mtengo. Banja lonse linaika maso pa mnyamatayu kuti ndiye adzatitulutse m'matope. Inenso ndinkamufunira zabwino. Ndinkamuchapira malaya mimba ili pakhosi.

Anajambula madzi ndi foni yake. Anajambula amayi ogulitsa tomato ataima pa miyala, ana akupalasa chitseko cha firiji ngati bwato. Kenako mnzake amene analowa kale kukolejiko anamuuza kuti aliyense wa ku Kanyama amabweretsa madzi, aphunzitsi anatopa nawo, apeze chinthu chogwira mtima. Tsiku lomwelo ndinamuona ataima pakhomo la kuchipinda, maso ali pabedi.

"Bamulamu," anatero, m'chinyanja chake cha m'tauni, "ni kanthawi kang'ono chabe. Mwana pa bedi, manzi pansi. Imwe simuzakamba vilivonse."

"Mchombo sunagwe, alamu."

Ndinayankha mosada nkhawa chifukwa apongozi anali pomwepo, ndipo ndinkadziwa kuti amukalipira. Iwo anakonza duku, n'kuyang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana ine.

"Kamera ilibe manja, mwana wanga. Siigwira mwana."

Dzulo lake apongozi omwewa anali atabweza pakhomo mayi woyandikana nafe, mayi amene anandigwira mkono m'madzi popita ku kiliniki, ati sitidziwa kumene wagona. Mayi mmodzi womudziwa ngoletsedwa, koma foni ndiye ilowe? Ine sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma ndimadziwa mmene zithunzi zimayendera m'komboni muno. Mayi wina anagwera m'ngalande thumba la makala lili pamutu, ndipo dzuwa lisanalowe anali m'foni ya aliyense, anthu akuseka m'minibasi. Mwana wanga wopanda dzina akhale m'matumba a anthu osawadziwa, akumutulutsa, akumuyang'ana, ine osaona maso awo?

Amuna anga atabwera ndinawauza. Anakhala m'mphepete mwa bedi mapazi ali m'madzi, n'kundiyankha motopa kuti zinthu zasintha, kuti azungu amajambula ana awo tsiku lobadwa ndipo amakula bwinobwino, kuti kodi ndikufuna mng'ono wawo akaime nawo pamsewu. Ndinawafunsa ngati aiwala kamanda kaja ka mwana wathu woyamba. Anatuluka.

Pamapeto pake apongozi ndi ana awo anagwirizana kuti adikira mchombo ugwe. Apa m'pamene ndinaona zimene sindinaonepo. Tsiku la mafunso kukoleji linkayandikira, mchombo osagwa, mwina chifukwa cha chinyezi cha m'nyumbamo. M'mawa uliwonse nyumba yonse inkafunsa za mchombo wa mwana wanga ngati akufunsa ngati magetsi abwera. Mlamu wanga, mwamuna, wosakwatira, ankafunsa ali kuseri kwa katani kuti bwanji lero, wagwa? Kwathu mwamuna satchula n'komwe zimenezo. Apongozi anayamba kunena kuti akudziwa phulusa lina limene limaufulumizitsa, chonsecho anamwino anandiuza kuti ndisapakepo kanthu. Ndinasiya kukasamba panja. Ndinkasamba pabedi pomwepo ndi kansalu, mwana ali pamwendo.

Tsiku lina ndinadzidzimuka patulo ta masana n'kupeza zinthu zasuntha m'chipinda. Beseni latsopano ndi bulangete loyera zimene mkulu wanga wa ku Matero anagulira mwana zinali zitachotsedwa, zili pabalaza. Pamsomali pamene panali bulangetelo anapachikapo chisaka chong'ambika. Katani la pawindo linali lotsegula. Ndinafunsa, apongozi n'kunena kuti mnyamata amangoyesa kuwala, zinthu zatsopano zimaononga chithunzi. Kenako ndinawamva pabalaza akunong'onezana kuti nthawi yatha, mawa m'mawa dzuwa likalowa pawindo ajambule basi, ine ndizolowera.

M'mawa mwake kunalibe magetsi, foni inali itazima. Mlamu anapita nayo kwa ometa tsitsi amene ali ndi jenereta. Amuna anga anali atapita kale. Apongozi anatuluka kukagula makala. Sindinaganize nthawi yaitali. Ndinamangirira mwana kutsogolo, pachifuwa, n'kumufunditsa zitenje ziwiri mpaka kumutu, n'kutsika pabedi.

Madzi anali ozizira, ofika m'maondo, ine zilonda za uchembere zisanapole. Ndinkaponda pofufuza ndi chala chaphazi, chifukwa pansi pa madzi a ku Kanyama pali maenje ndi zimbudzi zogumuka. Munthu aliyense wodutsana naye ndinkamuyang'ana m'manja. Pamsewu kondakitala wa minibasi anaona mmene ndakumbatira katundu wanga n'kufunsa ngati ndalipirira nkhuku yanga, anthu n'kuseka. Mayi amene ndinakhala naye pampando anamva kulira, anatambasula dzanja kuti atsegule chitenje aone. Ndinamumenya padzanja. Mayi wamkulu, msinkhu wa amayi anga, ndinamumenya, ndipo anandinena ulendo wonse mpaka m'tauni. Kumeneko ndinadutsa pakati pa ogulitsa ndi mawilibala kukakwera ya ku Matero, dzanja langa lili pansi pa chitenje, pamsana pa mwana.

Mkulu wanga atatsegula chitseko anayamba wayang'ana miyendo yanga yamatope, kenako chitenje. Nditamufotokozera anandilowetsa kuchipinda, n'kutseka, n'kundithira madzi otentha m'beseni, koma pakamwa sanatseke.

"Iwe, wathawa diso limodzi la foni, n'kumudutsitsa m'tauni monse?"

"Palibe wamuona nkhope, achemwali."

Ndinayankha choncho, koma iye ankanena zoona. Lamulo limene ndinkalilondera ndinaliswa ndekha, ndi miyendo yanga. Mwana akanadwala sabata imeneyo, sindikudziwa kuti ndikanakhala munthu wotani lero.

Mchombo unagwera ku Matero. Mkulu wanga ndi amene anathandiza kuukwirira, ndipo mwana anapatsidwa dzina kumeneko.

Amuna anga anabwera patapita masiku, atavala malaya a kutchalitchi, akumwetulira. Anati mng'ono wawo wapeza malo kukoleji kuja. Tsiku lija mnyamatayo atapeza m'chipinda mulibe munthu anajambula bedi lopanda kanthu lili pa mabuloko, madzi pansi, ndi kachipewa ka mwana kamene ndinagwetsa pothawa. Ati mphunzitsi wina ataonera mpaka anapukuta m'maso. Atamufunsa kuti mayi ndi mwanayo ali kuti, anayankha kuti anathawa madzi. Amuna anga ankafotokoza zimenezi ngati nthabwala yokoma, n'kumaliza ndi kunena kuti ndimange katundu, amayi andikhululukira.

"Andikhululukira chiyani?"

"Amake mwana, zinthu zayenda bwino. Usayambenso."

"Mukamuuze mng'ono wanuyo akanene kukolejiko kuti sindinathawe madzi. M'madzimo ndinagonamo, ndinasambamo, ndikanakhalamo mpaka aphwe."

Anayang'ana pansi, n'kupempha kuti anyamule mwana wawo. Ndinawapatsa.

Ndinabwerera ku Kanyama mvula itatha, chifukwa ukwati ndi wanga ndipo mkulu wanga ali ndi chipinda chimodzi. Mlamu amapita kukoleji m'mawa uliwonse, chikwama cha kamera yobwereka chili paphewa, ndipo amandipatsa moni mwaulemu ngati sipanachitike kanthu. Apongozi anauza amayi a kutchalitchi kwawo kuti mkamwana wawo anatulutsa khanda m'chikuta mchombo usanagwe, osanena chimene chinandithamangitsa. Ndiye mwana akangotsokomola, maso onse a m'nyumba amatembenukira kwa ine. Inenso ndimawayang'ana, mmodzimmodzi, mpaka atsitse maso awo, kenako ndimanyamula mwana wanga n'kuthamanga naye ku kiliniki.