Moses wa Azakhali Hellen

Azakhali anga Hellen NyaChirwa, mlongo wa bambo anga, anakhala pabanja miyezi isanu yokha. Anakwatiwa ku Kande mu 1927 ndi Moses Mhone, msodzi wa usipa. Chinangwa chimene anabzala awiriwa chisanakhwime, mwamunayo ananyamuka wapansi ulendo wa ku Harare pamodzi ndi mnzake Mizeck. Anati zaka ziwiri basi. Onse opita ankatero.

Anthu ankaseka kuti Moses wa m'Baibulo anatulutsa anthu ku Igupto, koma wa azakhaliyu anakadzilowetsako yekha. Azakhali sankaseka nawo. Kuwerenga anaphunzira kusukulu ya mishoni, ndipo nkhani ya Aisrayeli m'chipululu anaitenga ngati kalata yolembera iwo. Chipululu chinali njira ya ku Harare, woyendamo anali mwamuna wawo, Kanani ndiye kanyumba kawo kaudzu. Wa ku Kanani ntchito yake n'kudikira, ankatero.

Chimene ankafuna padziko pano chinali mwana, ndipo sankabisa. Mwana wa mnzawo akalira, iwo ankayamba kudzuka mayi wake asanatembenuke. Ineyo ndinakulira kumsana kwawo kuposa kwa amayi.

Mizeck anabwerako mu 1931 ndi sutukesi komanso chipewa. Azakhali anamuthamangira manja ali ndi makoko a chinangwa.

"Mlamu, mtima m'malo," anatero Mizeck. "Amuna anu ali bwino. Tinasiyana ku Harare, iwo anapitirira kumigodi ya malasha ku Wankie. Akuti akubwera."

Mawu amenewa ndi amene anawamanga azakhali. Kwathu mkazi samasuka popanda maliro: alire, amete tsitsi, kenako abale a mwamuna amumasule. Akulu a mpingo nawonso anali ndi lawo, loti mwamuna akakhala moyo ukwati ulipo, ndipo wokwatiwanso adulidwa mgonero. Sindiwanena akuluwo. Anaweruza zimene anauzidwa.

Mu 1935 kunabwera Henderson Kamanga, wosema mabwato amene mkazi wake anali atamwalira. Anali munthu wofatsa, ndipo azakhali anamukonda, ine ndikudziwa. Azakhaliwo anapitanso kwa Mizeck kukafunsa ngati analidi ndi umboni woti Moses ali moyo. Mizeck analumbira, anawonjezanso kuti wina wamuuza zoti Moses wanenepa. Henderson anadikira chaka, kenako anakatenga mkazi ku Chintheche. Anabereka ana asanu ndi awiri, ndipo onsewo ankadutsa pakhomo pa azakhali popita kunyanja.

Chaka chilichonse azakhali akaviika chinangwa, kuchiyanika ndi kuchisinja, ankapatula lichero la ufa woyera kwambiri n'kuusunga mumtsuko kuti Moses asadzafikire panjala. Ufa wa kondowole suchedwa kununkha chuku. Ankautaya n'kuthiramo wina. Amayi ankawaseka kuti mana osungidwa ankachita mphutsi, iwo n'kuyankha kuti a tsiku la Sabata sankawola. Pa malemba sukanawagonjetsa. Makalata sankabwera, anthu anayamba kumutcha Moses mtchona, koma azakhali anali ndi yankho: Aisrayeli anayenda zaka makumi anayi. Chaka chikatha ankamanga mfundo pachingwe cha ukonde wa mwamuna wawo.

Mu 1954 Mizeck anagwidwa ndi chifuwa chimene anachitenga ku Harare. Mkazi wake anali atathawa, ndiye amene ankamupatsira phala anali azakhali, poti anali mnzake wa Moses. Tsiku lina masana, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndinawaperekeza. Ndinali kale mayi wa ana awiri. Tinamupeza pamphasa pakhonde, atatha ngati nsomba yowamba. Phala analikana.

"Mlamu, khalani pansi. Sindifuna kupita nazo."

Azakhali anakhala.

"Moses sanafike ku Harare. Anadwala kamwazi tisanawoloke Zambezi, m'dziko la Apwitikizi, sabata yachisanu ya ulendo. Anzathu amene tinakumana nawo panjira anakana kudikira. Ndinamugoneka pansi pa mlambe, ndinamusiyira chipanda cha madzi. Anali akupumabe."

"Munabwererako?"

"Ayi."

"Manda ake?"

"Palibe, mlamu."

Anati ankaopa mlandu. Anthu akanyamuka awiri, wobwerako amayankha kwa abale a mnzake, ndipo a Mhone akanati anamupha. Ndiye ananama kamodzi, bodzalo n'kumafuna kudyetsedwa chaka ndi chaka.

Ine ndinafuna kumuthira phalalo kumaso. Mpaka lero sindinamukhululukire, ngakhale ndimadya mgonero. Azakhali sanakweze mawu.

"Ada Mizeck, paja ndinabwera kudzakufunsani za Henderson?"

Mizeck anatembenukira kukhoma, n'kuyamba kulira.

Tinabwerera kunyumba. Azakhali anatenga chingwe chija n'kuwerenga mfundo: makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri.

"Ndimati zatsala khumi ndi zitatu," anatero. "Ndimayesa m'chipululu muli iwo, mwanawe. Kani ndinali ine."

A Mhone anabwera, maliro analiridwa opanda mtembo, mlaliki anakumbutsa anthu kuti manda a Moses winayo nawonso palibe akuwadziwa. Azakhali sanadzutse mutu. Tsiku lometa, mkulu wa kwa a Mhone anaimirira n'kunena mawu amene amanenedwa kwa wamasiye aliyense, akuti NyaChirwa wamasuka, akapeza mwamuna akwatiwe, akabereke.

Lumo ndinagwira ndine. Tsitsi limene linagwera pachitenje chawo linali imvi zokhazokha.