Pini ya Aroma pa Chitenje cha Kwaya

Ine sukulu ndinalekeza panjira, koma mabuku sanandileke. Ndikaweruka kuntchito yosamalira okalamba ku Swords ndimadzera kulaibulale, ndipo chimene ndawerenga sabata imeneyo apabanja panga amachimva, afune asafune.

Chaka china ndinatengeka ndi mapini a Aroma. Anthu aja nsalu ankaigwiriza paphewa ndi pini yamkuwa yopindika ngati uta. Mapini ena anafika mpaka kuno ku Ireland, ndipo ndinakawaona m'tauni, kunyumba yosungirako zinthu zakale, atabiriwira ndi ukalamba. Potuluka ndinagulira mayi akunyumba pini yofanizira, yonyezimira bwino.

"Ndiye mwakwera mabasi awiri kukaona sefitipini?" anandifunsa.

Lamulungu lake amayi akwaya, kuphatikizapo mayi akunyumba, ankayenera kuvina popereka mphatso pa Misa ya Amalawi ku Tyrrelstown, onse atavala chitenje chofanana chochokera kumudzi. Aliyense analandira chake, chapadera panalibe. Mayi anatulutsa kapini kawo kamene kamakhala m'kati mwa bulauzi chikwatirane, kuti agwirize nsalu yapaphewa.

"Mayi, zachimidzi izo," ndinatero. "Akazi olemera a ku Roma ankavala iyi."

"Munawaona, a Pulofesa?"

"Ndinawerenga."

Anandipatsa phewa. Singano ya pini ija inali yonenepa ngati msomali. Ndinakankha, inakana. Ndinakankhanso mwachimuna, ndipo nsalu inangoti kwee! Chibowo cholowa chala chachikulu, basi yopita ku Misa ili pafupi kufika.

Mayi anachotsa pini ya Aroma ija. Anapinda nsalu kawiri, chibowo n'kulowa m'kati, n'kubayapo kapini kachimidzi kaja.

Anavina pamzere wakutsogolo. Za ulaliki wa tsiku limenelo musandifunse. Maso anga anali paphewa paja, ndikupempherera kawaya kuti kasamasuke. Kanagwira mpaka nyimbo yotulukira.

Lolemba ndinabwerera kubuku limene ndinawerengamo za mapiniwo. Tsamba lotsatira, limene ndinalidumpha pothamangira zithunzi, linkanena poyera kuti mapini otere ankabayira nsalu zaubweya zochindikala, zoluka motakasuka.

Chibowo chija anachisoka okha, ine sanandilole ngakhale kugwira ulusi. Pini ya Aroma tsopano imagwira sikafu yanga yaubweya ndikamadikira basi mumphepo, ndipo imagwiradi bwino. Ndikamatuluka m'mawa, mayi amaima pakhomo.

"A Kaisara, mwaiwala chakudya chanu."