Tsiku Lomwe Tinabwereka Thupi mu Msika wa Limbe

Ndinali Fomu 3, zaka zija matipate atangobwera, kaunjika atasefukira m'misika. Makolo anga anakwatirana kalekale ku Nsanje, koma ukwati wawo unali usanadalitsidwe kutchalitchi. Choncho Lamulungu lililonse anthu akamapita kukalandira Ukaristia, amayi ankatsala pabenchi atazyolika. Chaka chimenecho bambo anavomera kudalitsa ukwati, koma ananenetsa kuti: "Popanda suti, ine kuguwa sindipita."

Bambo ankayendetsa lole, ndipo sabata ya ukwatiyo anali ku Beira, kubwera kwake Lachisanu. Thupi lawonso linali lovuta: aatali ngati mlongoti, mikono yofika m'mawondo, mapewa aakulu, chiuno chochepa. Komanso zapakaunjika sabweza.

Lachitatu nditaweruka, ine ndi amayi tinakwera minibasi kuchoka ku Bangwe kupita ku Limbe. Pa wogulitsa wina wa dazi tinapeza suti yakuda yokongola, mpaka mtima wanga unadumpha.

"Iyi mwini wake anangovala kamodzi, mayi. Abwana saizi yawo ndi chiyani?"

Amayi anatambasula manja, kenaka n'kuloza m'mwamba.

"Imeneyo ndi saizi ya chitseko," anatero wogulitsayo.

Amayi anandikoka pambali. "Iwe, maso ako ndi akuthwa. Tapeza munthu wofanana ndi bambo ako."

Tinaima pakati pa njira n'kuyamba kuyeza amuna a eni ndi maso.

"Awo, amayi?"

"Mimba."

"Nanga awo?"

"Mapewa ndi omwewo, koma miyendo anaisiya kunyumba."

Bambo wina ataona tikumuyang'anitsitsa anatulutsa chipeso n'kuyamba kupesa. Ndinaseka mpaka yunifolomu inandithina. Kenaka ndinamuona: wogulitsa nzimbe, wamtali kuposa nzimbe zake, mikono ili lendelende.

"Achimwene, pepani," anatero amayi, "tibwerekeni thupi lanu."

"Thupi langali? Mubweza liti, alamu?"

Atamva nkhani yonse, anasiyira mnzake nzimbe, n'kusamba m'manja, n'kukavala kuseri kwa chitenje. Anatuluka akuyenda ngati nduna.

"Yakhala! Ngati anabadwa nayo!" anakuwa wogulitsa uja.

Amayi sanatengeke. Anagwira pamene msoko wa jekete umathera paphewa. "Mangani batani. Pumirani m'kati. Tsopano tambasulani dzanja ngati mukuveka munthu mphete." Mkono wa jekete unatsalabe pamfundo ya dzanja. Amayi anavula chitenje chapamwamba n'kuyala pansi. "Gwadani."

"Pano, alamu?"

"Kuguwa adzagwada. Ndikufuna ndimve ngati msoko wa thalauza ulira."

Munthu wamkulu anagwada pakati pa msika, manja atapinda pachifuwa, maso kumwamba. Amayi ogulitsa tomato anayamba nthungululu. Wina anakuwa kuti, "Mkwatibwi agwadenso!" Ine misozi inali chuchuchu ndi kuseka, koma amayi anali atatchera khutu kumbuyo kwa thalauza. Msoko sunalire. Tinagula.

Povula, wanzimbe uja anasisita jeketeyo n'kufunsa kuti ukwati uli kutchalitchi chiti.

Lachisanu bambo anafika ali fumbi lokhalokha. Anayesa jekete yokha, n'kudziyang'ana pagalasi la kabati, uku ndi uku.

"Mwayeza bwanji, mayi a ana?"

"Zaka zonsezi, ndingalephere kukudziwani?"

Ndinathawira panja kuti ndisaulule ndi phwete.

Loweruka ndinali mukwaya. Ansembe atati agwade, ndinaona amayi atapendeketsa mutu ngati kumsika kuja. Bambo anatsika pang'onopang'ono, bondo limodzi, linalo. Zii. Amayi anamwetulira m'kati mwa velo. Itakwana nthawi ya Ukaristia, amayi anali oyamba kulandira.

Potuluka tinapeza wanzimbe uja pakhomo, atasenza mtolo wa nzimbe ngati mphatso.

"Ndabwera kudzaona ngati suti yanga akuisamala."

Bambo anamuyang'ana maso ndi maso, chinthu chimene sankachita kawirikawiri ndi munthu aliyense ataimirira. Anayang'ana mapewa ake, mikono yake, kenaka jekete yawo.

"Mayi a ana, awa ndi ndani?"

"Apatseni moni bwinobwino," anatero amayi. "Anakugwadiranitu Lachitatu awa."