Paipi ya siponji ndi bondo la atate

Ndikukumbukira chaka chimene miyendo ya atate inasanduka ntchito yanga. Ndinali mu giredi sikisi, tikukhala cha ku Nakatindi, m'nyumba ya malata imene mu Okutobala inkatentha ngati uvuni. Fakitale imene atate ankasokako zovala inali itatsekedwa, monga zinachitira zina zambiri mu Livingstone zaka zimenezo. Munthu wozolowera kugwira ntchito ali chikhalire anapezeka ali pakati pa anyamata onyamula mabwato a mphira. Alendo ankasewera ndi mafunde a Zambezi kumunsi kwa mathithi, ndipo akamaliza ankakwera phompho manja ali lendelende, atate ndi anzawo akubwera pambuyo bwato lili paphewa.

Inali pisiweki chabe, ganyu ya tsiku ndi tsiku. M'mawa uliwonse lole inkaima pamsewu, kapitawo n'kuloza amene wawafuna. Wotsimphina sankalozedwa. Ife tonse pakhomo tinkadyera chala cha kapitawoyo, ndipo ngakhale ine mwana ndinkadziwa zimenezi.

Atate ankafika dzuwa litapendeka, atayera ndi fumbi, akatumba awo atauma gwa. Amayi ankachedwa kumsika kumene ankagulitsa ndiwo zamasamba, choncho wowathowa ndi madzi otentha ndinali ine. Kutikita kokha kunkandikanika. Zala zanga zinkangoterera pamwamba, iwo n'kumaseka kuti ndikuwagirigisha.

Tinayamba ndi botolo. Anagona chafufumimba pamphasa, ine n'kumaligubuduza kuchokera ku chidendene kukwera m'mwamba. Botolo linali louma mtima. Tsiku lina linaterereka n'kugunda fupa, atate anakuwa mpaka nkhuku za aneba zinabalalika. Tinayesa munsi, koma unkandilemera, komanso amayi ataupeza pa miyendo ya munthu anatikalipira tonse awiri ngati ana. Titayesa chitsononkho cha chimanga, chinangofumbutuka.

Kenako atate anabwera ndi jekete yong'ambika, ija alendo amavala kuti asamire, imene kuntchito anali ataitaya. Tinatulutsa siponji yake, tinaikulunga pa chidutswa cha paipi ya madzi, n'kumanga ndi malegeni, timizere ta mphira wa chubu. Chinthucho chinali chonyansa kuchiona, ndipo chinkanunkha mtsinje. Koma nditachigubuduza koyamba, atate anapuma mpweya wautali umene sindinaumvepo.

“Iyi ndiye yeve, mayo,” anatero. Ankanditcha mayo chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo. “Manje mvela. Pa nyama chabe, osati pa bonzo. Ukapeza pamene pakosa, imilila, ulindile. Osathamanga, si njinga iyi.”

Ndinaphunzira kumva ndi manja. Mu katumba mumakhala timfundo tolimba, ndipo ukatitsamira modekha, osakankha mwaukali, timamasuka tokha pang'onopang'ono. Ndikafika kuseri kwa bondo ndinkanyamula paipi, n'kukaitsitsa pa ntchafu. M'mawa atate ankadzuka opepuka, chala cha kapitawo n'kuwaloza. Anzawo awiri anayamba kumabwera Lamlungu masana kudzagona pamphasa yathu, akunditcha ba dokota. Ndinkayenda mapewa ali m'mwamba. Mumtima mwanga ndinali nditatsimikiza kuti malinga paipi ili m'manja mwanga, pakhomo pathu sipagona njala.

Ndiye bondo lakumanja linayamba kutupa.

Poyamba ndinati ndi ine ndikulakwitsa. Ndinawonjezera nthawi. Ndinamasula malegeni, kuikamo siponji ina, kumanganso. Ndinkathawa masewera a kusukulu kuti atate akamafika apeze madzi atatentha kale. Akatumba ankafewa ndithu, koma bondo linkangokula, lotentha ukaligwira. Tsiku lina ndinafuna kuligubuduza lomwelo, iwo anandigwira dzanja.

“Apo iyayi. Nakuuza kudala.”

“Koma ndiye pamene pababa, badadi.”

“Niziba. Pasiye.”

M'mawa ndinkawasuzumira pa mpanda. Kuchoka pakhomo ankatsimphina, akugwira mitengo ya m'mbali mwa njira. Akangoona lole ankawongoka, n'kuyenda ngati mnyamata, nkhope ili gwa. Ndinkadziwa mtengo wa mayendedwe amenewo, ndipo ndinalibe choti n'kuchita koma kuluma mlomo. Palibe chinthu chinandipwetekapo ngati kuwaona akunamizira kukhala bwino.

Tsiku limene ndinkaliopa linafika kukutentha kwambiri. Lole, imene sinkalowa m'njira yathu, inaima pakhomo penipeni. Anyamata anawatsitsa atate atawagwira uku ndi uku. Bondo linali litawakana ali pakati pa phompho, ndipo anzawo anayamba akweza bwato, kenako n'kubwerera kukawanyamula iwo paphewa. Atate sanayang'ane aliyense. Kuchipatala anati bondolo laperepeseka mkati, anawapatsa mapilisi, n'kuwauza kuti asamanyamule zolemera. Chala cha kapitawo sichinawalozenso.

Ndinatenga paipi ija n'kukaiponya kuseri kwa chimbudzi. Ndinakwiya nayo ngati munthu amene wandinamiza. Patapita masiku angapo, atate ali pamphasa pansi pa mtengo wa mango, anandiitana.

“Mayo, leta paipi yathu.”

“Siisebenza,” ndinayankha, misozi ili kale m'maso. “Sininakupoleseni.”

Analoza bondo lawo.

“Nkhokola ni ya ba chipatala, naonso yabakanga. Koma iyi nyama ikali kubaba, na iyi uikwanisa. Bwela ucite pamene ukwanisa.”

Ndinakaitola, ndinaipukuta fumbi, n'kugwada pambali pawo. Ndinagubuduza ndikulira, iwo akunamizira kuti sakuona. Ntchito sinabwerere. Chaka chotsatira tinasamukira m'chipinda chimodzi, amayi n'kusenza banja lonse ndi dengu lawo la repu. Atate anayenda ndi ndodo mpaka tsiku limene anatisiya, ndipo madzulo ambiri a zaka zimenezo ndinkawagubuduza miyendo, ndikudziwa bwino lomwe kuti sindikuchiza kanthu.

Masiku ano zogubuduzira zoterezi zili m'masitolo a zamasewera, zamitundumitundu, zina zosalala, zina za timinga. Nane ndili nacho changa, chifukwa kukhala pa desiki kwandiumitsa msana ndi miyendo. Ndinasankha chofewa. Wogulitsa anayamba kundilangiza kuti ndizipita pang'onopang'ono, ndizipewa mafupa, ine n'kumangogwedeza mutu.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti ukamukonda munthu mokwanira, n'kulimbikira mokwanira, umupulumutsa. Tsopano ndikudziwa kuti pali ululu umene manja ako angaufewetse, ndi wina umene ungangokhala nawo pafupi, ndipo kulephera wachiwiriwu si chifukwa chotayira paipi kuseri kwa chimbudzi. Ndikamagubuduza mwendo wanga pansi m'chipinda, ndikafika pa bondo ndimanyamula, monga atate anandiphunzitsira. Pamenepo mpamene ndimawasowa kwambiri.