Tsiku Limene Padi Inanjenjemera M'manja mwa Ababa

Ndikukumbukira chaka chimene mashelefu a m'masitolo anangoti mbee, aphunzitsi nawo atasiya kubwera kusukulu. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala ku Makwasha, dera la m'tauni ya migodi ya Zvishavane. Anafe tinkangoyendayenda m'misewu, miyendo itatuwa ndi fumbi la kumgodi, kudikira kuti magetsi ayake.

Achimwene anga, a Tendai, ankapita ku Joni kukagula mafuta ophikira, mpunga ndi sopo n'kumadzagulitsa. Ulendo wina anabwera ndi kompyuta yakale ya patebulo, imene bokosi lake linkalira ngati chigayo chapatali. Ulendo wotsatira anasolola m'chikwama kanthu kakuda kogwira ndi manja awiri, kokhala ndi mabatani ndi timitengo tiwiri toyendetsa ndi zala zazikulu, chingwe chake cha USB chitakulungidwa. Anati dzina lake ndi padi, yoseweretsa magemu.

Poyamba inativuta. Kabowo ka kutsogolo kwa bokosi kanali kakufa, choncho chingwe tinkachilowetsa kumbuyo. Gemu yathu ya galimoto zampikisano inkasokoneza mabatani: ukadina kuti uime, galimoto n'kuwonjezera liwiro. A Tendai anakonza batani lililonse palokha, kenaka analowetsa kachimbale kamene kanabwera ndi padiyo. Kuyambira tsikulo, galimoto ikagunda khoma, padi inkanjenjemera m'manja, ife n'kumakuwa ndi chimwemwe.

Ababa sankasamala zimenezi. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, amene anayamba kulowa pansi pa nthaka ali mnyamata, pa kamgodi kena ka miyala ya kromu cha ku Lalapanzi, asanasamukire ku Zvishavane. Njoka ikalowa m'nyumba ya munthu mumzere mwathu, ankaitana iwo. Chaka chimenecho ntchito inali yoimaima, ndiye ankangokhala panja kusoka nsapato zathu.

Loweruka lina masana magetsi anabwera mwadzidzidzi. Ndinathamangira kukompyuta, ndipo ndili mkati mosewera ndinamva mawu awo pakhomo.

"Iwe Chisomo, galimoto ukuyendetsa ngati woledzera bwanji?"

"Tayesani inuyo, ababa," ndinatero.

Anaseka, anapukuta manja pathalauza n'kukhala pampando. Ndinawaonetsa batani lothamangira ndi kamtengo kokhotera. Padi inaoneka yaing'ono m'manja mwawo. Anayenda bwino ndithu, mpaka msewu wa mu gemuyo unalowa m'phanga lodutsa pansi pa phiri. Sikirini inada. Galimoto inakhula khoma, padi n'kuyamba kunjenjemera mwamphamvu.

Mawu amene anatuluka pakamwa pa ababa ndinali ndisanawamvepo.

"Basopa! Baleka, Zuze! Thawa!"

Anaponya padi, mpando unagwa chagada. Ndisanadziwe chikuchitika, anandigwira pakolala ya diresi, anandigwetsa pansi n'kundivundikira ndi thupi lawo lonse, manja atafungatira mutu wanga. Tsaya langa linali pasimenti yozizira. Ndinkamva mtima wawo ukugunda pamsana panga, mpweya wawo ukutuluka modukizadukiza. A Tendai, amene anali atangolowa, anangoima kakasi, kukamwa yasa. M'sipika injini ya galimoto inkalirabe.

Amayi analowa akuthamanga, manja ali thovu lokhalokha.

"Zimitsa chinthucho!" amayiwo anawakalipira a Tendai. Kenaka anagwada, anagwira phewa la ababa n'kulankhula motsitsa mawu. "A Phiri, muli kunyumba. Tayang'anani kumwamba, denga ndi lathu lomwe lija. Mwanayu ali bwino, musiyeni apume."

Panapita kanthawi asanandisiye. Atadzuka anayang'ana manja awo, ndipo anatuluka osatiyang'ana. Ine ndinangokhala pomwepo. Misozi sinabwere. Chinandiumitsa thupi si kugwako ayi, koma nkhope ya ababa: munthu amene ankagwira njoka anali atachita mantha ngati kamwana.

"Zuze ndi ndani?" ndinafunsa.

Amayi anadzutsa mpando uja n'kukhalapo. Anati a Zuze anali mnzawo wa ababa, wochokera ku Tete, amene ankabowola naye miyala ku Lalapanzi, ife tisanabadwe. Tsiku lina ababa anamva chitsulo chobowolera miyala chikunjenjemera mwachilendo m'manja, anakuwa n'kuthawa. Mwala unagwa. A Zuze sanatuluke.

"Nanga bwanji sanatiuzepo?" anatero a Tendai.

"Akanakuuzani, mukanawalola kupita kuntchito m'mawa mwake?"

A Tendai anakulunga chingwe n'kubisa padi pamwamba pa wadiropu, nati akaigulitsa ku Gweru. Palibe amene anatsutsa. Kwa masiku angapo kompyuta sinayatsidwe, ngakhale magetsi abwere. Ine ndinkawazemba ababa, osati chifukwa chowaopa, koma sindinkadziwa kowayang'anira.

Anayambitsa nkhaniyo ndi iwo eni, tikudya.

"Tendai, chinthu chako chija sungachiletse kunjenjemera?"

"Zimatheka, ababa."

"Ndiye chiletse. Musasiye kusewera chifukwa cha ine."

Magetsi atabwera, a Tendai anatsegula pamene pamakonzedwa mabatani n'kuzimitsa kunjenjemerako. Ababa anakhala pampando womwe uja, nandiuza kuti ndikhale pambali pawo. Anayendetsa pang'onopang'ono, galimoto zina zonse zikuwapitirira. Phanga lija litaonekera kutsogolo, anandipatsira padi.

"Ndidutsitse apa, mwanangu."

Ndinawadutsitsa. Titatulukira kowala anatambasula dzanja n'kuilandiranso.

Pa msinkhu umenewo ndinkayesa wolimba mtima ndi munthu wosadziwa mantha. Lero ndine mayi, ndipo ndimaona zina. Ababa ankatsika pansi m'mawa uliwonse ali ndi mantha amenewo m'manja, kuti ife tidye. Ndipo pamene anakhulupirira ndi mtima wonse kuti phiri likugwa, chitseko chinali chotsegula pafupi nawo, koma iwo anadziponya pa ine.