Nyenyezi za Padenga Pathu

Mpaka lero ndikamva fungo la phula lotentha, mtima umabwerera ku Chinsapo, m'kanyumba kathu ka zidina, chaka chimene bambo anapita ku Joni kukafuna ntchito. Malata athu anali ogula akale, odzaza mabowo a misomali ya eni ake oyamba. Masana tikatseka chitseko, dzuwa linkalowa m'timabowomo, ndipo ine ndi mlongo wanga Yamikani tinkagona chagada pamkeka n'kumati tikuona nyenyezi. Mvula ikabwera, nyenyezi zomwezo zinkatikodzera. Mapoto, mabeseni, ngakhale mbale zodyera, zonse zinkalowa ntchito, ndipo bulangete linkanunkha chinyontho dzinja lonse.

Chaka chimenecho khanda lathu, Chisomo, linali ndi chifuwa chosatha. Mitambo itayamba kusonkhana, amalume a ku Area 23 anabwera panjinga, nayang'ana kudenga, n'kugamula kuti mvula ikatipeza chonchi atitumiza kumudzi ku Phalombe. Iwo ndiwo anali mwini mbumba, mawu awo sankabwezedwa. Ine ndinalira kuseri kwa bafa, chifukwa kupita kumudzi kunali kusiya sukulu yanga ndi anzanga onse a fulaye.

M'mawa mwake amayi anatituma kukatola zibenthu za phula m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, momwe unkanyenyeka. Anazisungunula m'chitini pambaula, nadula chitenje chakale tizidutswatizidutswa. Kenako anavala buluku la bambo mkati mwa chitenje, nabwereka makwerero, n'kukwera padenga dzuwa likuswa mtengo.

Dera lonse linatuluka kudzaonerera, poti mkazi padenga sankaoneka. Amayi a Fatuma, anzawo ogulitsa mandasi, anawauza moseka kuti atsike, akuchititsa manyazi amuna a m'dera lino.

"Amene wachita manyazi akwere," anatero amayi.

Palibe anakwera. Koma pamwambapo panali vuto: dzimbiri ndi kunyezimira kwa malata zinkabisa timabowo, osaoneka n'komwe. Apo m'pomwe nyenyezi zathu zinagwira ntchito. Amayi anati timangirire kaudzu ka tsache kunsonga ya nsungwi, titseke chitseko, tizilasa nyenyezi imodziimodzi. Kaudzu kakatulukira pamwamba ngati chimanga chongomera, iwo ankakabweza ndi chala, n'kupaka phula, kuikapo kansalu, n'kupakanso phula. M'nyumba nyenyeziyo inkazima. Ndinkamva malata akulira pansi pa mawondo awo, iwo akuimba nyimbo ya kwaya osapumira. Titazimitsa yomaliza, m'nyumba munada bii, Yamikani n'kuyamba kulira kuti amayi atibera kumwamba.

Mvula yoyamba inagwa masana, ndipo inawapezera amalume m'nyumba mwathu, atabwera kudzatiuza tsiku lonyamuka. Inali ya mphepo, yosamvana polankhula. Ife, mwachizolowezi, tinayala mabeseni m'malo mwake. Amalume anakhala khosi lili m'mwamba, akudikira dontho loti liwathandize mlandu. Anasuntha mpando, anapapasa khoma, anasuzumira m'beseni lililonse. Monse munali gwaa, ndipo Chisomo anali m'tulo pamphasa youma.

Mvula itakata amalume anafunsa dzina la mmisiri. Amayi anangotambasula manja awo, odzaza matuza ndi phula losachoka. Amalume anawayang'ana, kenako anakanda m'mutu.

"Achemwali, Loweruka mubwere ku 23. Kwanganso kukudontha."

Za ku Phalombe zinathera pomwepo. Tsiku limenelo ndinayenda m'matope a Chinsapo mapewa ali m'mwamba, ndikuuza aliyense kuti amayi anga saopa kanthu.

Ndinakhulupirira zimenezo mpaka nditakula. Tsiku lina ndinawapempha kuti akwere pampando andipachikire katani, ndipo ndinaona miyendo yawo ikunjenjemera. Anaseka n'kundiuza kuti pamwamba amaopa chibadwire, ndipo nyimbo ya kwaya ija ankaimba kuti ife m'nyumbamo tisamve mano awo akugundana.